Mwana akakodza magazi sikuti wakula

Sukulu zikatsekera, makolo a ku Nchalo, Ngabu ndi pa boma la Chikwawa amandifunsa kumene angapite ndi ana kukasangalala. Malo alipo. Ku Majete, kumene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuchokera mu 2003, mwana akhoza kuona njovu ndi mathithi a Kapichira. Ku Lengwe mumakhala m'kanyumba kobisalamo pafupi ndi dziwe, n'kumadikira nyala ndi njati kuti zibwere kudzamwa. Koma tisanamizane, ana ambiri a kuno sapitako. Dzuwa la mu Okutobala likapitirira madigiri 40, paki yawo ndi ngalande za m'minda ya nzimbe, mathamanda a m'mbali mwa Shire ndi madambo a ku Elephant Marsh. Makolo amawachenjeza za ng'ona, ndipo akuchita bwino. Koma kholo lochenjeza za nkhono ndimakumana nalo mwa apo ndi apo.

Chonditopetsa kuchipatala ndi mawu awa: "Adokotala, si vuto, akungokula." Amanena zimenezi mwana wa zaka khumi akukodza magazi. Ena mpaka amati umenewo ndiwo msambo wa anyamata. Palibe msambo wa anyamata, abale anga. Ndi likodzo. Magaziwo, amene kawirikawiri amabwera kumapeto kwenikweni kwa mkodzo, akuchokera m'zilonda za m'chikhodzodzo.

Tizirombo take timakulira mu nkhono za m'madzi odekha, m'malo a udzu ndi bango, kenako timatuluka n'kulowa pakhungu. Mwana safunika kumwa madziwo, kapenanso kusambira. Kungoima m'ngalande mpaka m'mawondo akuwedza tinsomba kapena akuthandiza mayi ake kuchapa n'kokwanira. Timatuluka kwambiri masana, nthawi yomweyo imene ana amathawira m'madzi chifukwa cha kutentha. Mkati mwa thupi timakhwima kukhala nyongolotsi zokhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo zikhoza kuikira mazira kwa zaka zambiri. Mazirawo ndiwo amaononga.

Pali mnyamata wina amene sandichoka m'maganizo. Anabwera naye agogo ake aakazi, atawezuka, nkhope ndi mapazi zitatupa. Nditafunsa kuti magaziwo anayamba liti, agogowo anawerengera ndi madzi osefukira a namondwe Idai, kutanthauza 2019, ndipo panali patapita zaka. Poyamba anati akukula. Mwana atayamba kudandaula msana ndi kugona m'kalasi, anati wina wamuponda, n'kupita naye kwa sing'anga. Anamutemera mphini m'chiuno, anamumwetsa zowawa m'botolo, mbuzi inapita. Kenako amalume ake anagula makapisozi pagolosale, awiri lero, awiri mawa. Pofika kwa ife njira zotsitsa mkodzo kuchokera ku impso zinali zitatsekeka ndi zipsera, impso zonse ziwiri zitafufuma. Tinamutumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Mankhwala amapha nyongolotsi, koma zipsera zakale sizichoka zonse. Chimene chimandipweteka n'chakuti mankhwala omwe akanamuthandiza chaka choyamba aja ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo amamwa tsiku limodzi lokha.

Agogowo sindiwaimba mlandu, anachita zomwe anauzidwa. Amene ndimakwiya nawo ndi aja amalandira mbuzi akudziwa kuti mkodzo wa mwanayo sanauyezepo.

Kwa atsikana nkhani yake ndi yoipirapo. Mazira aja amakakhalanso m'njira ya chiberekero, n'kumayambitsa kuyabwa, chikazi chachilendo ndi timagazi. Mtsikana wa zaka 13 amayamba kufunsidwa kuti wagona ndi ndani, ena amakwapulidwa, pamene iye anangopita kukachapa kumtsinje. Akasiyidwa choncho akhoza kudzavutika kubereka atakula. Ndipo likodzo la zaka zambiri, kwa amuna ndi akazi omwe, limatha kubweretsa khansa ya m'chikhodzodzo.

Mankhwala ake ndi praziquantel. Timapereka molingana ndi kulemera kwa mwana, ndipo kusukulu alangizi a zaumoyo amayeza msinkhu pa ndodo kuti adziwe mapiritsi angati. Ndiye chonde, tsiku logawa mankhwala lisakhale tsiku lojombetsa mwana. Ndamva zonse, zoti amaletsa kubereka, zoti mwana wa uje anakomoka. Kubereka saletsa. Amachititsa chizungulire ndi nseru, makamaka mwana akamwa ali ndi njala, n'chifukwa chake timati adye phala kapena mbatata asanapite. Musagule okha mapiritsi kumsika n'kumagawa ndi diso.

Kwa inu a m'tauni obwera ndi ana kudzacheza kwa agogo ku Bangula kapena ku Nsanje, mvetsetsani ichi. Praziquantel sapha bwino tizirombo tikadali tating'ono, kotero kumwetsa mwana mawa lake atasambira sikuthandiza. Dikirani masabata 6 mpaka 8, mupite naye akayezedwe, ndipo mukanene kuti analowa m'madzi a kuti. Mkodzo wabwino kuyeza ndi wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pomwe mazira amatuluka ambiri. Koma akatentha thupi musadikire masabatawo, kuno malungo sachedwa.

Sindikuti ana atsekeredwe m'nyumba ya malata mwezi wa Novembala, zimenezo n'zosatheka. Asewere mpira m'mawa kapena dzuwa litapendeka, pansi pa mitengo, botolo la madzi lili pafupi. Akafuna kudzithira madzi, atunge pa mjigo. Ngati alipo ndi a mumtsinje okha, akhale m'ndowa masiku awiri asanasambe, tizirombo timakhala titafa. Ndipo muuzeni mwana wanu asamakodzere m'ngalande, poti mazira amabwerera kwa nkhono kudzera momwemo.