Robert Johnson sanakhwimire pamphambano, anali ndi mphunzitsi wake

Pa 16 Ogasiti chaka chilichonse okonda nyimbo za blues amakumbukira imfa ya Robert Johnson, woyimba gitala wa ku America, ndipo nthano yomwe ija imadzukanso. Akuti mnyamatayu anapita pamphambano pakati pa usiku, mdyerekezi n'kumukungira zingwe za gitala posinthana ndi mzimu wake. Ku Clarksdale, m'chigawo cha Mississippi, anachita kuimika magitala akuluakulu pomwe pamakumana misewu ya 61 ndi 49, alendo n'kumajambulitsa pomwepo. Kwathu kuno tikanangoti anakhwima.

Johnson anabadwira ku Hazlehurst mu 1911, n'kukulira kuminda ya thonje kufupi ndi Robinsonville. Kumeneko ndi komwe Son House, katswiri wa gitala, anamudziwira cha mu 1930. Malinga ndi House, akuluakulu akati apumeko, mnyamatayu ankatola gitala n'kumasokosa mpaka anthu kudandaula. Chaka chomwecho mkazi wake Virginia Travis anamwalira pobereka, mwananso osapulumuka. Johnson anachoka m'deralo. Pobwerera zala zake zinali zina: chala chachikulu chikugunda zingwe zokhuthala mosaphonya, zala zinazo zikuyimbitsa zingwe zopyapyala, mawu ake akulira pamwamba pa zonsezo.

Mkangano wonse wagona pa nthawi imene anasowayi. House ankati inali miyezi yochepa chabe, koma ankasimba zimenezi patapita zaka zoposa 30, atakalamba, akuyankha azungu amene khutu lawo linkafuna zozizwitsa. Ofufuza amene anatsata mapazi a Johnson anapeza kuti anabwerera chakwawo ku Hazlehurst ndipo anakhala chaka kapena kupitirira pakhomo pa Ike Zimmerman, woyimba gitala wa ku Beauregard. Mwana wamkazi wa Zimmerman anafotokozera wofufuza Bruce Conforth kuti awiriwa ankapitadi kumanda usiku, n'kukhala pamiyala ya pamanda kumayeserera, chifukwa kumeneko kunali phee ndipo sankasokoneza ogona. Ine umboni umenewu ndimaukhulupirira kuposa wa House. Komanso nkhani ya pamphambano inali ndi mwini wake wina, Tommy Johnson, woyimba amene sanali m'bale wa Robert. M'bale wa Tommy, LeDell, ndiye anauza wofufuza David Evans kuti Tommy ankadzitama nazo. Ngakhale nyimbo ya Robert yonena za pamphambano, Cross Road Blues, sitchula mdyerekezi. Muli munthu amene dzuwa likumulowera pamsewu, akuimitsa magalimoto koma onse akungomudutsa, ndipo kwa munthu wakuda ku Mississippi wa nthawi imeneyo mantha amenewo sanali ongopeka.

Robert Johnson anajambula nyimbo 29 zokha, mu Novembala 1936 mu hotelo ya Gunter ku San Antonio ndi mu Juni 1937 ku Dallas. Anamwalira mu 1938 kufupi ndi Greenwood ali ndi zaka 27. Woyimba mnzake Honeyboy Edwards ankati mwamuna wina wansanje anamuthirira poizoni mu mowa, pomwe chikalata cha imfa chimene wofufuza Gayle Dean Wardlow anachipeza mu 1968, pamalo olembapo chimene chinamupha, chimangonena kuti panalibe dokotala. Matchalitchi atatu ali ndi mwala wa pamanda wa dzina lake, ngakhale ambiri tsopano amakhulupirira kuti anaikidwa pa tchalitchi cha Little Zion.

John Hammond, wojambula nyimbo, anamufunafuna kuti akayimbe ku holo yotchuka ya Carnegie Hall ku New York mu Disembala 1938, koma anali atachedwa, moti anangoseweretsa malekodi ake papulatifomu. Dzina linaphulika mu 1961 kampani ya Columbia itasonkhanitsa nyimbo zake pa chimbale chimodzi, chimene chinagwira mitima ya oyimba otchuka Bob Dylan ndi Eric Clapton. Keith Richards, woyimba gitala wa gulu la Rolling Stones, atamumva koyamba anafunsa kuti woyimba gitala wachiwiri ndi ndani, chonsecho anali munthu mmodzi. Zimmerman yemwe anamuphunzitsa sanajambulepo nyimbo. Anasamukira ku California, n'kukhala m'busa, ndipo anamwalira mu 1967.