Mankhwala a malungo: kuchokera ku khungwa la mtengo kufika pa LA

Kuno ku Mangochi mwana akatentha thupi, makolo ena amayamba kaye amuwiritsira masamba a nimu, kuchipatala n'kupita matenda atakula. Amati mankhwala achizungu omwewo amachokera ku mitengo. Pamenepo sakunama.

Kwinini adachokera m'makungwa a mtengo wa cinchona wa ku South America. M'zaka za m'ma 1600 anthu a ku Ulaya ankasinja makungwawo n'kumamwa ufa wake, koma vuto linali mlingo: khungwa lina lamphamvu kwambiri, lina lopanda kanthu, ndipo wodwala sankadziwa kuti wamwa wochuluka bwanji. Mu 1820 Pelletier ndi Caventou a ku France adatulutsa kwinini weniweni m'makungwamo, kotero kuti adayamba kuyezeka. Kwininiyu ndiye amene David Livingstone ankayenda naye pokwera mtsinje wa Shire mu 1859.

LA, mankhwala a malungo amene timalandira kuchipatala, nayenso mbali ina gwero lake ndi chitsamba. Tu Youyou wa ku China, potsatira zolemba za asing'anga akale akwawo, adapeza artemisinin, mankhwala amene amapangira mbali imodzi ya LA, m'chitsamba cha qinghao mu 1972. Koma mankhwalawo adayesedwa kaye mpaka mlingo woyenera mwana ndi wamkulu utadziwika. Madzi a nimu a mumphika palibe adawayeza chomwecho.

Mankhwala amathanso mphamvu. Mu 1993 Malawi adasiya chloroquine chifukwa tizilombo ta malungo tidamuzolowera. Kudabwera Fansidar, nayenso adafooka, ndipo mu 2007 tidayamba LA. Kumwa mankhwala mwatheka ndi chimodzi mwa zomwe zimalimbitsa tizilomboti.

Thupi likatentha, kayezetseni magazi tsiku lomwelo, pakuti si kutentha kulikonse komwe kuli malungo. Ana osakwana zaka zisanu angathandizidwenso ndi mlangizi wa zaumoyo kumudzi. Mukapatsidwa LA, imwani kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, mutadya chakudya cha mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro kapena mkaka. Malizani onse ngakhale mutapeza bwino. Osasungirako mwana wina.

Masikito ndi ogonamo usiku uliwonse, osati okokera usipa kunyanja.

Mwana akakomoka, akamasanza chilichonse, akalephera kuyamwa kapena kumwa, kapena akafooka osatha kukhala tsonga, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.