Nambala ya mu bajeti imabwera ndi mawu akuti "ngati"

Nyengo ya bajeti ikafika ndimadziwiratu funso lomwe ndikumane nalo, kaya ndi mu minibasi kaya pamaliro: "Paja inu akatswiri munati chuma chikwera, chili kuti?" Ndatopa nalo. Nambala imene nduna ya zachuma imawerenga ku Nyumba ya Malamulo imakhala yomangirira pa mawu akuti "ngati": ngati mvula igwa bwino, ngati fetereza afika pa nthawi yake, ngati fodya ayenda bwino ku Kanengo, ngati kwacha sigwedezeka. Pofika pa wailesi "ngati" uja amakhala atadulidwa, n'kutsala nambala yokhayokha.

Nambalayo imachokera ku chimene timachitcha model, chomwe ndi masamu a mu kompyuta basi, ndipo amabweza zomwe wawapatsa. Ofesi ya boma yosonkhanitsa ziwerengero ya NSO ku Zomba imayesetsa, kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, koma ndani amalemba zomwe wapeza wa kabaza kapena mayi wa mandasi? Ku Nigeria mu 2014 atasintha chaka choyambira powerengera chuma kuchoka pa 1990 kufika pa 2010, chuma chawo chinapezeka kuti chatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, mpaka kuposa cha South Africa. Palibe yemwe anadzuka wolemera tsiku limenelo. Malonda a mafoni ndi mafilimu ndiwo anali asakuwerengedwa mokwanira.

Koma nkhani yomwe imandidya mumtima ndi ya kalabu ina ya alimi ku Phalombe. Kumayambiriro kwa 2023 anandipempha ndiwawerengere ngati angakwanitse ngongole yogulira chigayo. Ndinapita ndi mapepala awiri, lina la chaka chabwino, lina la chaka choipa. Tisanalowe, apampando anandikokera pambali: "Achimwene, loipalo lisungeni, anthu athawa." Ndinalipinda n'kulibweza mu chikwama. Anasaina akuwomba m'manja.

Mu Malichi kunabwera namondwe Freddy, minda inakokoloka. Mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, zipangizo za chigayo zinakwera mtengo. Chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inawotcha chimanga, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chigayo chopanda chogaya. Pepala lija silinalosere Freddy, ayi, koma linkasonyeza bwinobwino kuti zokolola zikangotsika ndi theka, ngongoleyo siibwezeka. Likanawerengedwa, mwina akanakongola zochepa.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndi anthu a pa WhatsApp ndi Facebook omwe amakuuzani tsiku lenileni lomwe kwacha igwe, kuti thamangirani madola kwa mnzawo wakutiwakuti. Enanso ndi aja amalemba pulani ya bizinesi pa mtengo, mzere wa phindu ukungokwera chaka ndi chaka ngati kuno kulibe chilala. Munthu wokupatsani nambala imodzi mufunseni kuti mvula ikadula mu Januwale zikhala bwanji, nanga mafuta akasowa pa filling station milungu itatu. Akayamba kuzemba, tengani ndalama zanu muzipita. Ndipo funsani musanasaine, chifukwa ambiri amabwera kwa ine kalata ya banki ili kale m'manja, pamene chotsala n'kuwerenga mbuzi zoti zigulitsidwe.