Wapolisi akaonjeza pa zionetsero, amayankha kwa ndani?

Anthu ambiri muno mu Zomba amaganiza kuti zionetsero zimafuna chilolezo cha apolisi. Sizili choncho. Gawo 38 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, popanda zida. Lamulo la apolisi la 2010 limangoti wokonza zionetsero alembere DC kutatsala maola osachepera 48. Uku ndi kudziwitsa, osati kupempha, ndipo cholinga chake n'chakuti apolisi akonzeke kuteteza anthu oyenda pamsewuwo.

Zinthu zikavuta, wapolisi wamkulu pamalopo ayenera kuyamba walamula gulu kuti libalalike, m'mawu omveka, n'kulipatsa nthawi. Utsi wokhetsa misozi umabwera pambuyo pake. Mfuti ndi yomalizira, osati chifukwa anyamata atchinga msewu wa ku Chinamwali ndi matayala. Mzinda uno ukudziwa mtengo wa kulumpha ndondomekoyi: mu Disembala 2001 wophunzira wa ku Chanco anafa ataomberedwa ndi apolisi pa zionetsero. Pa 20 Julayi 2011 ndi tsiku lotsatira, anthu pafupifupi 20 anafa m'dziko muno.

Pomwe pamandivuta ine monga loya ndi pa kuyankhapo. Lamulo lomwelo la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, Independent Complaints Commission, koma panatha zaka khumi lisanayambe ntchito. Nthawi yonseyo wodandaula kawirikawiri ankakasuma kwa apolisi omwewo amene am'menya.

Khoti limathandiza, koma taonani mmene limathandizira. Mu 2020 Khoti Lalikulu linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi mu 2019, apatsidwe chipukutamisozi. Ndalama zotere zimachokera ku boma, kutanthauza misonkho yanu. Wapolisi wolakwayo thumba lake silikhudzidwa, pokhapokha atazengedwa mlandu payekha kapena kuchotsedwa ntchito, ndipo zimenezi n'zosowa.

N'chifukwa chake umboni wa tsiku lomwelo ndi wofunika kwambiri. Mukavulazidwa, pitani kuchipatala msanga mukatenge lipoti la dokotala. Lembani nambala ya galimoto ya apolisi, nthawi, malo ndi mayina a mboni. Kanema wa pafoni musungeni momwe munamujambulira, chifukwa wodutsa pa WhatsApp amafika atafufutika, ndipo loya wa boma sachedwa kumukana.