Chombo cha tiyi chimene chinapachikidwa m'malere ku Greenwich

Ukafika ku Greenwich, kum'mawa kwa London, n'kulunjika kumtsinje wa Thames, chimene chimayamba kuoneka ndi milongoti itatu yaitali kuposa nyumba zozungulira, zingwe zitalukana ngati ukonde wa kangaude. Ukayandikira ndiye umadabwa, chifukwa chombocho sichili pamadzi. Anachinyamula mamita atatu kuchoka pansi, chakhala pa mizati yachitsulo, ndipo m'chiuno mwake anazunguliza magalasi. Pansi pake pali matebulo. Munthu umakhala pomwepo n'kumamwa tiyi, kumutu kwako kuli mimba ya chombo ikunyezimira ngati mkuwa wotsuka kumene. Ichi ndicho Cutty Sark, ndipo anthu okonda zombo akale sanagwirizanebe ngati anachichitira zabwino kapena anachichitira chipongwe.

Chombochi chinabadwa mochedwa. Anachiika pamadzi ku Dumbarton, ku Scotland, pa 22 Novembala 1869, patangopita masiku asanu chitsegulire ngalande ya Suez. Mwini wake, John Willis, ankafuna chombo chothamanga kuposa zonse pa malonda a tiyi wa ku China, pakuti amene wayamba kufikitsa tiyi watsopano ku London ndiye ankagulitsa pamtengo wabwino. Koma ngalandeyo inadulira njira sitima zoyendera malasha, pamene zombo za matanga zinkazungulirabe kumunsi kwa Africa, popeza mphepo ya m'Nyanja Yofiira sinali yozikomera. Kampani imene inkachimanga, ya Scott & Linton, inagwa ntchito isanathe, ndipo inamaliza ndi ina. Dera lomwelo la mtsinje wa Clyde ndi kumenenso kunachokera Ilala yathu ya pa nyanja ya Malawi, patapita zaka 80.

Dzina lake linachokera m'ndakatulo ya Robert Burns, momwe muli mfiti yachitsikana yotchedwa Nannie, yovala kamalaya kakafupi. M'chiyankhulo cha ku Scotland kamalaya kotero ndiko "cutty sark". Chosema cha mfitiyo chili kumphuno kwa chombo mpaka lero, dzanja litatambasuka, litagwira mchira wa hatchi umene anathothola pothamangitsa mlimi woledzera.

Tiyi chinanyamula maulendo asanu ndi atatu okha, womaliza mu 1877. Ulendo umene anthu amaukumbukira ndi wa 1872, pamene chinanyamuka ku Shanghai tsiku limodzi ndi mnzake wopikisana naye, Thermopylae. Cutty Sark inali patsogolo ndi mtunda wautali pamene namondwe wa m'nyanja ya India anaithyolera chiwongolero. Mbale wa mwini chombo, amene anali momwemo, analamula kuti akakocheze ku Cape Town. Kaputeni George Moodie anakana. Kalipentala Henry Henderson ndi amalinyero anapanga chiwongolero china pakati pa nyanja, akusula zitsulo pa chombo chimene mafunde ankachikankha uku ndi uku, ndipo anafika ku London patangopita sabata imodzi Thermopylae itafika. Mpikisano anagonja, koma mbiri inapita kwa iwo. Moodie, atakwiya ndi mkangano uja, anasiya ntchito.

Ulemu weniweni unabwera ndi ubweya wa nkhosa wa ku Australia, makamaka kuyambira 1885 pamene Richard Woodget anakhala kaputeni. Munthuyu ankatsikira kumwera kwenikweni, kumene kuli mphepo yaukali ndi mapiri a madzi oundana, n'kutambasula matanga onse. Ulendo wochokera ku Sydney kufika ku England anauyendapo masiku 73, ndipo mu 1889 anapitirira sitima ya malasha yotchedwa Britannia, anthu a m'sitimayo akuona. Komabe ndalama sizinkabwera mokwanira, moti mu 1895 Willis anachigulitsa kwa Apwitikizi, amene anachitcha Ferreira.

Zaka za Chipwitikizi alendo ambiri amazidutsa mofulumira, koma ndi zaka 27, zochuluka kuposa za tiyi ndi za ubweya kuphatikiza. Chinkayenda pakati pa Lisbon, Brazil, Angola ndi Mozambique, kunyamula chilichonse chimene chapezeka. Mu 1916, chitanyamula malasha kuchokera ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, mphepo inachigwetsera milongoti kufupi ndi Cape of Good Hope, ndipo chinachita kukokedwa kukalowa ku Cape Town. Inali nthawi ya nkhondo, zipangizo zinkasowa, choncho anachikonza ndi matanga ochepa. Mu 1922 chinabisala namondwe ku Falmouth, chitatha ngati nsanza, ndipo Kaputeni Wilfred Dowman, amene anachionapo chikuthamanga iye ali mnyamata, anachizindikira n'kuchigula. Kenako chinakhala chophunzitsira amalinyero, mpaka mu 1954 anachilowetsa m'doko louma ku Greenwich. Mfumukazi Elizabeth inatsegulira anthu malowa mu 1957.

Gwero la mkangano ndi mmene chombochi chinamangidwira. Mafupa ake ndi achitsulo, koma khungu ndi matabwa. Mchere wa m'nyanja unalowerera m'zitsulozo n'kumazidya ndi dzimbiri, ndipo chombo chimene chinapangidwa kuti madzi azichinyamula chinakhala zaka 50 chitatsamira msana wake pa simenti, mpaka chinayamba kuphwathalala. Ntchito yokonza inayamba mu 2006. Mbandakucha wa pa 21 Meyi 2007 moto unabuka, ndipo ofufuza anapeza kuti mwina unayamba ndi makina okoka fumbi amene anasiyidwa osazimitsa kumapeto kwa sabata. Mwayi wake, milongoti ndi matabwa ambiri zinali zitachotsedwa kale kukasungidwa kwina.

Oyang'anira anaganiza zochinyamula kuti kulemera kuchoke pamsana, komanso kuti anthu aone maonekedwe a mimba yake, amene ndiwo chinsinsi cha liwiro. Injiniya wamkulu wa ntchitoyo, Peter Mason, anatula pansi udindo mu 2009 potsutsa zimenezi, poopa kuti kunyamulako kuwononga chombo. Ena ankadandaula kuti chikapachikidwa chotero sichidzabwereranso pamadzi. Ntchito yonse inadya ndalama pafupifupi mapaundi 50 miliyoni, ndipo chinatsegulidwanso pa 25 Epulo 2012. Chaka chomwecho magazini ya Building Design inachipatsa Carbuncle Cup, mphoto yonyoza ya chomanga chonyansa kuposa zonse mu Britain.

Ine ndikaima panja ndimagwirizana ndi onyozawo. Magalasi aja amabisa mzere wokongola umene chombo chimakumana ndi madzi, ndipo chimaoneka ngati chakhala pa pilo wofufuma. Koma ndikatsikira pansi mtima umasintha. Ukaima kumphuno n'kuyang'ana m'mwamba umaona kupyapyala kwake, ngati mpeni wa mamita 65, ndipo sufunikanso wina wokufotokozera chifukwa chake chinkathamanga makilomita oposa 30 pa ola ndi mphepo yokha. Kumapeto kwa dokolo anandandalika zosema zambirimbiri zochokera kumphuno za zombo zina zamalonda, zimene zinamira kapena kuphwasulidwa kalekale, zonse zitayang'ana kwa anthu akumwa tiyi aja.