Cobra yopangitsa: malisiti ambiri, mtengo wina

Munthu akabwera kuti tiike mtengo pa galimoto yake yaliwiro yopangitsa, nthawi zambiri amabwera ndi envulopu yodzaza malisiti: injini zakuti, penti zakuti, mipando yachikopa zakuti. Iye amayembekeza kuti tikaphatikiza zonsezo ndiye mtengo wapezeka. Zimandiwawa kumuuza kuti wogula sawerengera choncho, chifukwa thukuta limene anakhetsa ndimalidziwa.

Nkhani ya Shelby Cobra imaonetsa bwino mmene zimakhalira. Mu 1961 Carroll Shelby wa ku America anagwirizana ndi kampani ya AC Cars ya ku England kuti m'kagalimoto kopepuka ka AC Ace aikemo injini ya Ford ya V8, ya masilinda asanu ndi atatu. Pofika 1967 anali atapanga magalimoto pafupifupi 1,000 okha. Yoyambirira, ya nambala ya chesesi CSX2000, inagulitsidwa pa okishoni ku Monterey, ku America, mu 2016 pa madola 13.75 miliyoni. Anthu sanalipire liwiro ayi, pakuti magalimoto ambiri a masiku ano akhoza kuisiya kumbuyo. Analipira nambalayo ndi mbiri yake, zinthu zimene palibe makaniko angazipange.

Poti zenizeni n'zochepa, ma Cobra ambiri amene mungaone pamsewu ndi ofanizira. Kampani ya Factory Five ku Massachusetts imagulitsa zipangizo zoti munthu alumikize yekha m'galaja. Za kampani ya Superformance zimapangidwa m'fakitale ya Hi-Tech Automotive ku Gqeberha, mzinda wa ku South Africa umene ambiri tinazolowera kuutcha Port Elizabeth, ndipo zili ndi chilolezo cha Shelby. Zimenezi zimagulitsidwa zopanda injini ndi giyabokosi, mwini amasankha yekha zoikamo.

Pogulitsanso, ya m'fakitale imasunga mtengo kuposa yolumikizira kunyumba, ngakhale zonse ziwiri zikuwala mofanana. Chifukwa chake n'chakuti wogula sangaone mmene mawaya anayendera kuseri kwa dashibodi, kapena ngati mabawuti a mabuleki anamangidwa mokwanira. Akamva dzina la fakitale mtima umakhala pansi. Akamva kuti munapanga nokha amayamba kuchotsera, kusungira zokonza zimene sanazione. Maola onse amene munagona pansi pa galimotoyo Loweruka ndi Lamlungu, iye sawalipira.

Chinanso chimene chimadya ndalama ndi zokonda za mwini. Penti yachilendo, mipando yosokedwa dzina lanu, injini yamphamvu mopyola muyeso, zonsezi munalipira modula, koma zimachepetsa anthu ofuna kugula. Cobra yabuluu ya mizere iwiri yoyera imapeza mwini msanga chifukwa ndi imene anthu amailota.

Sindikunena kuti musapangitse. Ndamvapo kulira kwa V8 ili m'galimoto yopanda denga, ndipo ndikumvetsa chimene chimakoka munthu. Koma ngati mwatsimikiza, jambulani zithunzi pa sitepe iliyonse ya ntchitoyo, sungani mapepala oonetsa kumene injini inachokera, ndipo kalembera wa galimotoyo anene zoona za chaka chimene inapangidwa. Kuilembetsa ngati ya 1965 pomwe inalumikizidwa posachedwa kumathamangitsa wogula wozindikira. Kwa a inshulansi pemphani kuti mugwirizane mtengo wake polemba isanachite ngozi, chifukwa galimoto yotere mulibe m'mabuku awo a mitengo, ndipo ikapsa adzasowa poyambira kuwerengera.