Banki ikagwa amalipira ndani? Mbiri ya mantha a alimi a kum'mawa

Anzathu a ku Lusaka amadabwa kuti alimi ambiri a ku Chipata, Katete ndi Lundazi, akagulitsa thonje, fodya kapena soya, amalolera kumanga ndalama pa mpango, kugula ng'ombe ndi malata, kapena kulowa chilimba m'malo mokazisiya kubanki. Amathamangira kunena kuti ndi umbuli. Koma mantha amenewa ali ndi pamene anayambira, ndipo aliyense amene anali ndi buku la kubanki mu 1995 akhoza kukulozerani.

Frederick Chiluba ndi chipani cha MMD atalowa m'boma mu 1991, anamasula zingwe zambiri zomwe boma la Kenneth Kaunda linamanga pa chuma. Chiwongoladzanja chinasiyidwa kuti chiziyenda chokha, malamulo oletsa kugula ndi kutulutsa ndalama zakunja anachotsedwa, ndipo kutsegula banki kunakhala kosavuta. Mitengo ya zinthu panthawiyo inkakwera mopitirira 100 peresenti pachaka, choncho munthu wosunga ndalama pansi pa mphasa ankaluza tsiku ndi tsiku. Mabanki atsopano a eni dziko anabwera ndi chiwongoladzanja chokoma, anthu n'kukhamukirako. Lamulo loyang'anira mabanki, la Banking and Financial Services Act, linabwera mu 1994, mabanki ena atabwereketsa kale ndalama za anthu mosasamala.

Dzina limene akuluakulu saliiwala ndi Meridien. Mwini wake anali Andrew Sardanis, wobadwira ku Cyprus, amene anafika m'dziko lino mu 1950, nachita malonda ku chigawo cha kumpoto chakumadzulo, kenako n'kukhala mkulu wa INDECO, kampani ya boma yoyang'anira mafakitale, m'nthawi ya Kaunda. Sanali munthu wamba. Mu 1991 gulu lake linagula nthambi za banki ya BIAO za kuzambwe kwa Africa, dzina n'kukhala Meridien BIAO, ndipo anthu ankanyadira kuti banki yochokera kwathu yafalikira m'maiko ambiri. Chimene wosungitsa wamba sankadziwa n'chakuti mabanki a gululi anali olumikizana m'mimba, ndalama zikumachoka ku nthambi za mu Africa kupita ku banki ya gululo ku Bahamas. Kutamveka mphekesera kuti zinthu sizili bwino, anthu anayamba kutapa ndalama zawo. Bank of Zambia inathiramo ndalama za boma kwa miyezi ingapo kuti bankiyo isafe, komabe mu Meyi 1995 inatsekedwa.

Kutsekedwa kwa banki kulibe phokoso. Munthu amadzuka m'mamawa, n'kupalasa njinga kuchokera kumudzi, buku lake ali nalo m'thumba la pulasitiki kuopa mvula, n'kupeza chitseko chokhoma, pagalasi atamatapo pepala la Chingerezi, wapolisi ataima pambali. Pepalalo limanena kuti mudzauzidwa. Pamene ankadzauzidwa, kwacha inali itagwa kale, ndipo ndalama zomwe zikanagula ng'ombe ziwiri zinkangokwanira thole. Panthawiyo kunalibe thumba la inshuwalansi yoteteza osungitsa, kotero ambiri ankangodikira zimene ogulitsa katundu wa bankiyo adzatolere.

Meridien sinagwe yokha. Chaka chomwecho African Commercial Bank ndi Commerce Bank zinalowa m'mavuto, kenako Prudence, Credit Africa, Manifold ndi First Merchant zinatsatira, mpaka Union Bank mu 2001. Matenda ofala anali amodzi: eni banki ndi akuluakulu ake kubwereketsa ndalama za osungitsa kwa makampani awo omwe, kwa abale ndi kwa anzawo a ndale, popanda chikole chenicheni. Kumudzi, ng'ombe zikadya chimanga cha mnansi, mfumu siitana m'busa yekha, imaitana mwini khola kuti alipe. Pa nkhani ya mabanki zinayenda mosiyana: analipa ndi mwini munda, kawiri. Koyamba anataya zomwe anasungitsa, kachiwiri msonkho wake unapita kukatseka dzenjelo.

Kuno kwathu bala lina linali la Lima Bank, yomwe inkabwereketsa alimi feteleza ndi mbewu, ndipo inathetsedwa m'zaka zomwezo, pamene makopaletivu nawonso ankafooka. Apa ndiyenera kunena chilungamo, ngakhale achibale ena sangakondwere. Alimi ambiri sankabweza. Chilala cha 1992 chinapsereza minda, inde, komanso andale anali atazoloweretsa anthu kuti ngongole ya boma ndi mphatso, makamaka chisankho chikayandikira. Komabe mlimi wamng'ono wolephera kubweza ankadziwika dzina, mudzi ndi munda, ndipo otolera ngongole sankasochera njira ya kukhola kwake. Wobwereka wamkulu anali ndi maloya, ndipo mlandu wake unkangosunthidwa tsiku mpaka anthu kuiwala.

Funso loti akuluakulu a banki azilangidwa bwanji linakula padziko lonse mu 2008. Banki ya Lehman Brothers ya ku America inagwa pa 15 Seputembala, ndipo boma la kumeneko linavomereza madola 700 biliyoni opulumutsira mabanki. Miyezi ingapo pambuyo pake, kampani ya inshuwalansi ya AIG, yomwe inali itangopulumutsidwa ndi ndalama za msonkho, inagawa mabonasi a madola pafupifupi 165 miliyoni. Mwa akuluakulu a mabanki a ku Wall Street, yemwe amatchulidwa kuti analowa m'ndende ndi mmodzi, Kareem Serageldin wa Credit Suisse, miyezi 30. Ku Britain, Fred Goodwin wa Royal Bank of Scotland, banki yomwe inameza mapaundi oposa 45 biliyoni a boma, analandidwa ulemu wa "Sir" mu 2012. Ife tinamva kutentha kwa moto umene sitinauyatse: mtengo wa kopa unagwa kuchoka pa madola oposa 8,000 pa tani kufika cha m'ma 3,000 m'miyezi yochepa, mgodi wa Luanshya n'kuima, ndipo mabanja a kuno amene ankalandira kangachepe kuchokera kwa ana a ku Copperbelt anayamba kulandira anawo ndi zikwama zawo.

Kuti munthu asanene kuti n'zosatheka, Iceland inamanga akuluakulu a banki ya Kaupthing. Pafupi ndi ife, ku Nigeria, mkulu wa banki yaikulu ya boma yoyang'anira mabanki, Sanusi Lamido Sanusi, anachotsa ntchito mabwana a mabanki asanu tsiku limodzi mu Ogasiti 2009. Cecilia Ibru wa Oceanic Bank anagamulidwa miyezi 6 yokha, chilango chimene ambiri anachiseka, koma analandidwa katundu woposa dola biliyoni imodzi. Kwa ine kulanda katunduko ndiko kunali ndi mano kuposa ndende. Ku Ghana, William Ato Essien wa Capital Bank anagamulidwa zaka 15 mu 2023.

Kwathu nkhani inapotokera ku ndale, ndipo apa mpamene ndikuona kuti tinadzipweteka kwambiri. Mu Disembala 2010, mu ulamuliro wa Rupiah Banda, mwana wa kuno kum'mawa, Bank of Zambia inalanda Finance Bank, ikunena kuti yaphwanya malamulo a mabanki, kuphatikizapo a ngongole za anthu a m'kati. Rajan Mahtani, yemwe anali kumutu kwa bankiyo, anakana, ndipo omutsatira ankati akuzunzidwa chifukwa cha ndale. Mu 2011 bankiyo inagulitsidwa kwa FirstRand ya ku South Africa pa madola 5.4 miliyoni, mtengo umene unadabwitsa anthu. Michael Sata atapambana chisankho cha Seputembala chaka chomwecho, m'masabata oyambirira anachotsa mkulu wa Bank of Zambia Caleb Fundanga, nathetsa malondawo, banki n'kubwerera kwa eni ake. Mpaka lero m'malo omwera tiyi ku Kapata, ku Chipata, mudzapeza mkangano wa amene anali wolungama, ndipo mungathe kulosera yankho la munthu mukangodziwa chipani chomwe anavotera. Chimene anthu anatolapo n'chakuti kulakwa kapena kusalakwa kwa mwini banki kumadalira amene wakhala ku State House. Finance Bank ija inagulidwa ndi Atlas Mara mu 2016, kenako n'kulowa m'manja mwa Access Bank.

Pa kuteteza osungitsa tapitako patsogolo, zimenezo n'zosakanika. Lamulo la mabanki linalembedwanso mu 2017. Bank of Zambia italanda banki ya Investrust pa 2 Epulo 2024, osungitsa sanadikire zaka ngati a Meridien: malipiro oyamba, ofika pa K500,000 munthu mmodzi, anakwanira kubwezera unyinji wa iwo zonse, ndipo boma linaikapo K1 biliyoni yotsekera kusiyana kwa ngongole ndi katundu wa bankiyo. Mwini masheya ambiri a Investrust anali kampani ya ZCCM-IH, yosunga masheya a m'migodi, yomwenso mbali yaikulu ndi ya boma, kotero nzika inaluza ngati mwini banki isanaluzenso ngati wokhoma msonkho. Mayi wogulitsa tomato amene sanalowepo m'banki analipira nawo, kudzera pa msonkho wa sopo ndi wa mayunitsi a foni. Maakaunti a Investrust anasamutsidwira ku Zambia Industrial Commercial Bank (ZICB), banki yomwe inamangidwa pa zotsalira za banki ya Intermarket, imene inalandidwa mu 2016, ndipo ndalama zambiri zoimikira ZICB zinachokera ku NAPSA, thumba la penshoni ya anthu apantchito.